Lipoti la nkhani: kubwereranso kwa HIV m'magazi mwa mayi amene anasiya ma ARV kachirombo katakhala zaka kasakuoneka

Lipotili likufotokoza za mayi wa zaka za m'ma 30 amene amalandira ma ARV pa chipatala china chaching'ono cha kum'mawa kwa boma la Mulanje, kumene ndimagwira ntchito ngati clinical officer. Zonse zimene zingawazindikiritse ndazisiya. Pa matenda amene anabwera nawo palibe chachilendo kwenikweni, koma chifukwa chimene anasiyira mankhwala, komanso mafunso amene anafunsa pambuyo pake, zikufika pa mfundo imene kawirikawiri timangoidumpha popereka uphungu, yakuti kachirombo ka HIV kamalumikiza DNA yake ku DNA ya munthu, imene ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'maselo a thupi. Ndalembera makamaka anamwino, alangizi a zaumoyo ndi ma expert client (anthu a pa ma ARV amene amathandiza odwala anzawo), amene amakumana ndi mafunso otere tsiku ndi tsiku.

Mbiri ya wodwala

Mayiwa amagwira ntchito ku nazale ya tiyi pa esiteti ina. Anapezeka ndi kachirombo ku sikelo ya amayi oyembekezera, pa nthawi imene dziko lino linali litayamba kale ndondomeko ya Option B+ ya mu 2011, imene imati mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndipo amwe moyo wake wonse. Anayamba ndi mtundu wa ma ARV wotchedwa 5A, ndipo mu 2019, pamene odwala ambiri ankasinthidwa, nawonso anaikidwa pa 13A, piritsi limodzi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mwana amene anabadwa pa mimba imeneyo anayezedwa DNA-PCR, njira yofufuzira kachirombo m'magazi a khanda, ali ndi masabata 6, kenako anayezedwanso ali ndi chaka chimodzi komanso zaka ziwiri, ndipo alibe kachirombo. Amuna awo nawonso ankapezeka kuti alibe. Zotsatira zonse za viral load (kuyeza kuchuluka kwa kachirombo m'magazi) zolembedwa pa khadi lawo zinkasonyeza kuti kachirombo sikakuoneka, n'chifukwa chake ankapatsidwa mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi.

Pa ulendo wawo womaliza wodzatenga mankhwala anatengedwa magazi a viral load monga mwa nthawi zonse, ndipo zotsatira zinabwera zikusonyeza tizirombo toposa 100,000 pa mililita imodzi. Tisanawatumizire uthenga anabwera okha, akudandaula za ululu wootcha ndi matuza kumbali ya kumanzere kwa chifuwa. Anali mashingozi, ochokera kumsana kuzungulira mpaka pansi pa bere, osadutsa pakati pa thupi. Sikelo inasonyeza kuti atsika makilogalamu angapo. Sankatsokomola, sankatentha thupi, ndipo thukuta la usiku analibe. CD4, chiwerengero cha maselo a chitetezo cha m'thupi amene HIV imalowamo, inali pamwamba pa 200, pathupi analibe, ndipo magazi sanasonyeze hepatitis B, kachirombo ka matenda a chiwindi.

Munthu wa pa 13A akapezeka ndi viral load yokwera chonchi, zoyamba kuganizira ndi zitatu: sakumwa mankhwala, akumwa koma pali china chimene chikuwafooketsa m'thupi, kapena kachirombo kasiya kumva mankhwala. Ndinafunsa za mankhwala a TB, a khunyu, a chilungulira ndi mapiritsi owonjezera magazi, ndipo onsewa anati sakumwa. Za ma ARV anayankha kuti sadumphitsa, ndipo khadi linawaikira umboni, pakuti sanaphonyepo tsiku lodzatenga. Komabe kachirombo kuti kasiye kumva dolutegravir mwa munthu amene wakhala bwino zaka zonsezi si chinthu chochitika kawirikawiri, choncho ndinapempha expert client wathu, mayi wachikulire amene nayenso amamwa ma ARV, kuti acheze nawo paokha.

Atabweranso sabata yotsatira anamasula chitenje n'kutulutsa jumbo, n'kuika patebulo mabotolo a 13A amene zotsekera zake za pakamwa zinali zisanabooledwe n'komwe. Anali atasiya kumwa pafupifupi miyezi isanu. Kudzatenga mankhwala sanasiye, chifukwa sankafuna kuti alangizi a zaumoyo awalondole kunyumba anthu akuona. Anafotokoza kuti anapita ku mapemphero ena kumene opemphereredwa analimbikitsidwa kukayezetsa kuti atsimikize machiritso awo, ndipo iwo anapeza kachipangizo kodziyezera wekha ka m'kamwa, kamene kanaonetsa mzere umodzi. Mawu awo anali akuti: “Adokotala, inu nomwe mumandiuza chaka ndi chaka kuti kachirombo sikakuoneka. Kachipangizo kaja nako sikanakaone. Nanga ndizimweranji mankhwala a matenda amene palibe akuwaona?”

Ine ndikuona kuti mayiwa sanachite zimenezi chifukwa cha umbuli kapena kusasamala. Anali ndi maumboni atatu ogwirizana, thupi lathanzi, zotsatira za ku chipatala ndi mzere umodzi uja, ndipo munthu aliyense woganiza bwino amene sanauzidwepo kumene kachirombo kamakhala akanatha kufika pa ganizo lomwelo. Za kachipangizoko n'zosavuta kufotokoza: sikafufuza kachirombo, kamafufuza asilikali a m'thupi otchedwa antibody, ndipo mwa munthu amene wamwa ma ARV nthawi yaitali asilikaliwa amatha kuchepa mpaka kachipangizo ka m'kamwa n'kulephera kuwaona. N'chifukwa chake malangizo ake amaletsa munthu wa pa ma ARV kudziyeza. Za viral load ndiye zimafuna kufotokoza kuyambira pachiyambi.

Mmene DNA ya kachirombo imalowera mu DNA ya munthu

Malangizo onse amene selo la munthu limayendera amasungidwa mu DNA, mkati mwa phata la selo. DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo uthenga wake unalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zimene zimandandalikana mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni. Kachirombo ka HIV sikabwera ndi DNA; kamanyamula RNA, chingwe china cha uthenga chofananako ndi DNA, ya zilembo zosakwana 10,000 pamodzi ndi mapuloteni ake ogwirira ntchito. Kakamatirira pa selo la CD4 n'kulowa, puloteni yotchedwa reverse transcriptase imakopera RNA ija kukhala DNA ya zingwe ziwiri. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti uthenga umayenda kuchoka ku DNA kupita ku RNA basi, mpaka mu 1970 pamene Howard Temin ndi David Baltimore, aliyense payekha, anapeza puloteni imeneyi mu tizirombo ta nyama, zimene zinawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1975. Tenofovir ndi lamivudine amagwira ntchito pa sitepe imeneyi: amalowa m'malo mwa chilembo chenicheni, ndipo chingwe chimene chikukopedwa chimathera pomwepo.

Sitepe yotsatira ndi imene ili pakati pa nkhani ya mayiwa. Puloteni ina ya kachirombo, integrase, imagwira nsonga ziwiri za DNA yatsopanoyo n'kudula zilembo ziwiri kunsonga iliyonse, kuti nsongazo zikhale zokonzeka kulumikizidwa. M'phata la selo, integrase imakoledwa ndi puloteni ya munthu mwiniyo yotchedwa LEDGF/p75, imene imapezeka pa zigawo za DNA zimene selo likuziwerenga, kotero kuti kachirombo kamakonda kulowa pamalo pamene uthenga wake udzawerengedwa mosavuta. Pamenepo integrase imadula zingwe ziwiri za DNA ya munthu, kudula kwa chingwe china kukutalikirana ndi kwa chinzake ndi zilembo zisanu, ndipo nthawi yomweyo imalumikiza nsonga za DNA ya kachirombo pamalo odulidwawo. Timipata timene tatsala mbali zonse ziwiri sitikonzedwa ndi kachirombo. Selo lenilenilo, poona ngati DNA yake yavulala, limatumiza mapuloteni ake okonza n'kutseka timipatato, ndipo potero limamaliza ntchito ya mdani wake. N'chifukwa chake paliponse pamene HIV yalowa, akatswiri amapeza zilembo zisanu zofanana za munthuyo kumanja ndi kumanzere kwake.

Kuyambira pamenepo DNA ya kachirombo, imene tsopano imatchedwa provirus, ili mu mzere umodzi ndi DNA ya munthu, ndipo selo lilibe njira yoisiyanitsira ndi yake kapena yoidulira kuichotsa. Dolutegravir amaletsa kulumikiza kuja. Integrase imadalira timagawo tiwiri ta magnesium kuti idule ndi kulumikiza, ndipo mankhwalawa amagwira timagawo timeneti n'kukankhira nsonga ya DNA ya kachirombo pambali, kotero kuti DNA imeneyo imangotsala yoyandama mpaka kutha. Khalidwe lomweli logwira magnesium ndi limene limachititsa kuti tizifunsa za mankhwala a chilungulira ndi mapiritsi owonjezera magazi, pakuti dolutegravir akakumana ndi magnesium, calcium kapena iron m'mimba amagwirana nazo ndipo wolowa m'magazi amachepa. Koma chofunika kuchimvetsa n'chakuti mankhwala onse atatu a mu 13A amateteza selo limene DNA ya kachirombo sinalumikizidwemo. Pa provirus imene inalumikizidwa kale, mwina munthu asanadziwe n'komwe kuti ali ndi HIV, alibe chochita.

Maselo ambiri amene ayamba kutulutsa tizirombo amafa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, n'chifukwa chake viral load imagwa msanga munthu akayamba mankhwala. Ochepa safa. Maselo ena a CD4 ntchito yawo ndi kukumbukira matenda amene thupi linakumanapo nawo, ndipo amakhala chigonere zaka zambiri. Provirus ikakhala m'selo logona siwerengedwa, situlutsa puloteni iliyonse, choncho chitetezo cha m'thupi sichiiona, ndipo makina a viral load, amene amawerenga RNA ya tizirombo toyenda m'magazi, alibe choti awerenge. Mu 1997 ofufuza anasonyeza kuti maselo otere alipo mwa anthu amene kachirombo sikakuoneka m'magazi mwawo. Ndi ochepa kwambiri, pafupifupi limodzi pa maselo ogona 1 miliyoni, ndipo ma provirus oposa 90 pa 100 alionse ndi owonongeka moti sangatulutse kachirombo kamoyo. Vuto ndi kuchedwa kwa kutha kwawo: gulu la Robert Siliciano ku yunivesite ya Johns Hopkins linapeza kuti pamatenga miyezi pafupifupi 44 kuti maselowa achepe ndi theka, kutanthauza zaka zoposa 70 kuti athe onse, munthu akumwa mankhwala osadumphitsa. Tsiku lililonse ena mwa maselowa amadzuka n'kutulutsa tizirombo. Mankhwala akakhala m'magazi tizirombo timeneti sititha kukhazikika m'maselo atsopano. Akasiyidwa, kwa anthu ambiri kachirombo kamaonekanso pakangotha masabata awiri kapena anayi.

Chinanso chimene chinadziwika bwino mu 2014 n'chakuti maselowa samangodikira imfa, amachulukana. Selo lokhala ndi provirus likamagawikana limakopera DNA yake yonse, provirus ili momwemo, ndipo ofufuza anapeza maselo ambirimbiri mwa munthu mmodzi amene kachirombo kanalowa pamalo amodzimodzi ndendende, umboni wakuti onse anachokera ku selo limodzi. Apa ma ARV sangaletse kanthu, chifukwa amene akukopera si kachirombo koma selo. Nditafotokoza zimenezi m'mawu osavuta, mayiwa anayankha okha kuti ndiye kuti zili ngati tiyi wa ku nazale, kumene amadula tinthambi pa chitsamba chimodzi n'kubzala m'machubu, ndipo mbande iliyonse imatenga zonse za chitsamba chija, zabwino ndi zoipa zomwe. Sindinaonepo chowonjezera pa fanizo lawolo.

Funso la mwana

Funso lawo lachiwiri linali lakuthwa kuposa loyamba: “Ngati kalowa m'chibadwa changa, bwanji mwana wanga alibe?” Yankho ndi lakuti HIV imalumikizidwa mu DNA ya maselo amene kachirombo kalowamo okha, makamaka a CD4, osati m'maselo onse a thupi, ndipo dzira la mayi kapena mbewu ya bambo sizipatsira mwana provirus monga zimapatsira khungu kapena msinkhu. Mwana akatenga HIV amakhala kuti kachirombo kamulowa ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa, ndipo njira zimenezi ndi zimene ma ARV a mayi amatseka.

Tizirombo tina ta mtundu womwewu tinalowadi m'mazira ndi m'mbewu za makolo akale kwambiri, zaka mamiliyoni zapitazo, ndipo zotsalira zake zimapanga pafupifupi 8 pa 100 ya DNA ya munthu aliyense. Zambiri zinawonongeka kalekale, koma zina thupi linazisandutsa zake. Puloteni ya syncytin, imene imathandiza kupanga nsengwa yodyetsera mwana m'mimba, inachokera ku kachirombo kotere. Ngakhale mbatata imene timalima ili ndi DNA ya bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Agrobacterium, monga ofufuza anasonyezera mu 2015. Ndinawauza zimenezi mwachidule chifukwa ndinaona kuti ayamba kudziona ngati munthu wodetsedwa mpaka m'mafupa, pamene kulowa kwa DNA yachilendo m'zamoyo ndi chinthu chakale ndiponso chofala m'chilengedwe.

Anafunsanso za anthu amene amamveka pa wailesi kuti anachira. Alipodi ochepa, ndipo woyamba anali Timothy Ray Brown, amene mu 2007 ku Berlin anamuthira maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wina pofuna kuchiza khansa ya m'magazi. Maselo ake akale, pamodzi ndi ma provirus amene anali mkati, anawonongedwa, ndipo wopereka uja anabadwa wopanda khomo la CCR5 limene HIV imalowera. Chithandizo chimenechi chimatha kupha, ndipo chimaperekedwa kwa amene khansa ikuwaopseza kale. Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri ine ndi ya mwana wa ku Mississippi, amene anayamba ma ARV ali ndi maola 30 chibadwire, n'kusiya ali ndi miyezi 18, n'kukhala miyezi 27 kachirombo kasakuoneka, koma mu 2014 kanaonekanso. Ngati kuyamba mankhwala pa maola 30 chibadwire sikunaletse provirus kukhazikika, munthu amene anakhala ndi kachirombo nthawi yosadziwika asanayezetse sangayembekezere kuti mwa iye mulibe.

Chithandizo

Mashingozi tinawachiza ndi acyclovir kwa masiku 7 pamodzi ndi mankhwala opha ululu. Atangoulula, anayambiranso 13A tsiku lomwelo, ndi Bactrim yemwe, mankhwala oteteza ku matenda ena, amenenso anali atasiya. Sindinaone chifukwa chosinthira mankhwala, pakuti anasiya onse nthawi imodzi, osati kumwa modumphadumpha, kumene ndi kumene kumapatsa kachirombo mpata wophunzira kupirira mankhwala. Komabe kachirombo kosamva dolutegravir kanapezekapo m'dziko muno, choncho viral load yobwereza pakatha miyezi itatu ya kumwa mokhulupirika inali yofunika ndithu. Pali chifukwa china chosamalira: kachirombo kakangosintha n'kusiya kumva mankhwala ena, mtundu wosinthawo nawonso umalumikizidwa mu DNA n'kusungidwa, ndipo ukhoza kudzatulukira patapita zaka ngati mankhwala omwewo abwezeredwa. Tinawachotsa pa ndondomeko ya miyezi 6 n'kuyamba kuwapatsa a mwezi umodzi, ulendo uliwonse akulandira uphungu wapadera.

Amuna awo anabwera nawo pa ulendo wotsatira, ndipo mayiwa anawafotokozera okha zimene zinachitika. Atayezedwa anapezeka kuti alibe, koma popeza banjali silinkagwiritsa ntchito makondomu pa miyezi imene viral load inali yokwera, tinawapatsa tsiku lodzayezedwanso. PEP, mankhwala omwa munthu atangokumana ndi kachirombo kuti asakatenge, sakanathandiza, chifukwa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 kuti atsekereze kachirombo kasanakhazikitse DNA yake, ndipo apa panali patadutsa miyezi. Tinakambirana za makondomu ndi za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa podziteteza, ndipo bamboyo anasankha makondomu mpaka zotsatira za akazi awo zitabwerera m'malo.

Poona khadi tinapezanso kuti nthawi yoyezedwa khomo la chiberekero inali itadutsa, ndipo anayezedwa VIA, njira yofufuzira zizindikiro zoyambirira za khansa, imene sinasonyeze vuto. Ndikutchula zimenezi chifukwa kachirombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, nakonso kamatha kulowetsa DNA yake mu ya munthu, ngakhale kuti njira yake ndi ina. HIV singachulukane popanda kulumikizidwa, n'chifukwa chake imayenda ndi integrase yakeyake. HPV ilibe puloteni yotere, ndipo DNA yake imakhala payokha ngati kamkombero m'phata la selo. Imangolowa mwangozi, pamene selo likulumikiza DNA yake yoduka n'kukokeramo chidutswa cha kachirombo. Pa ngozi imeneyi kawirikawiri chigawo cha DNA ya HPV chotchedwa E2, chimene chimaletsa mapuloteni ake a E6 ndi E7 kugwira ntchito mopitirira, chimaduka, ndipo mapuloteni awiriwa amafooketsa zimene zimaletsa selo kugawikana mosalekeza. Izi zimapezeka mu khansa zambiri za khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo mayi amene chitetezo chake chatsika amavutika kuchotsa HPV m'thupi. Hepatitis B nayonso imalowa mwangozi chomwecho m'maselo a chiwindi, ndipo tinaiyeza chifukwa munthu amene ali nayo akasiya tenofovir ndi lamivudine mwadzidzidzi chiwindi chimatha kutupa koopsa.

Zotsatira

Matuza anauma pasanathe masabata atatu, koma ululu wootcha pamalopo unapitirira, ndipo tinawapatsa amitriptyline womwa usiku. Viral load ya pakatha miyezi itatu inabwera ikusonyeza kuti kachirombo sikakuonekanso, zimene zinatsimikiza kuti vuto silinali kusamva mankhwala. Thupi linayamba kubwerera, ndipo amuna awo atayezedwanso anapezeka kuti alibe.

Kwa ine, nthawi yoopsa kwa wodwala wotere ndi pamene akulandira zotsatira zabwino, chifukwa ndi pamene timamuyamikira mwachangu n'kuitana wotsatira pa mzere. Pa kiliniki yathu tinagwirizana kuti popereka zotsatira zotere tizinena zinthu ziwiri pamodzi: kuti m'magazi kachirombo kachepa moti makina sakukaona ndipo munthuyo sangapatsire mnzake pogonana, komanso kuti DNA yake idakali m'maselo ena ogona, kumene mankhwala safika poichotsa. Tinagwirizananso zouza aliyense wa pa ma ARV kuti kachipangizo kodziyezera si kake, ndiponso kuti amene wapemphereredwa n'kufuna kudziwa mmene alili abwere tidzakambirane asanasiye piritsi ngakhale limodzi. Sititsutsana ndi mapemphero a munthu, ndipo mayiwa akupitabe ku tchalitchi kwawo.

Pakali pano akulandira mankhwala a miyezi itatu. Adzabwerera pa ndondomeko ya miyezi 6 viral load yotsatira ikadzakhalanso bwino, ndipo pa ulendo womwewo tidzaona ngati amitriptyline angasiyidwe.